Matabwa Amene Ndinasungira Edina

Ana anga ndi adzukulu anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwira ku Mphuka, ndinaphunzira mpaka Sitandade 6, basi. Chimene ndikufuna mudziwe ndi ntchito. Ndinali kalipentala moyo wanga wonse, poyamba ku esiteti ya tiyi, kenako kuchipatala cha boma. M'mutu uno muli nkhani ya mwana wanga woyamba, Edina. Ndamufunsa ngati ndingalembe za matenda ake. Wati, "Lembani, ababa, koma musaiwale za matabwa." Sindiiwala.

Ku esiteti, zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali yokhoma mabokosi a tiyi. Achinyamata a lero sadziwa kuti kale tiyi ankapita kunja m'mabokosi a pulayiwudi, m'kati titayalamo pepala lonyezimira kuti chinyezi chisalowe. Shedi yathu inali kuseri kwa fakitale, ndipo fungo la tiyi linkatitsatira m'malaya mpaka kumalaini kumene tinkagona. Kapitawo wathu anali a Mukhuna, bambo wamfupi wopanda chala chimodzi. Ankakalipa m'Chilomwe n'kumayamikira m'Chinyanja, choncho Chinyanja chawo tinkachimva mwa apo ndi apo. Tsiku langa loyamba anandilanda tepi n'kuiika m'thumba mwawo. Anati, "Yamba wayeza ndi diso. Tepi ndidzakubwezera diso likadzaphunzira." Ndinaononga matabwa, anandikalipira, ndinaononganso, mpaka diso linazolowera. Ndikayang'ana chitseko ndinkadziwa kutalika kwake ndisanachiyandikire. Ndinkanyada nalo diso limenelo. Pambuyo pake linandizunza, monga mudzamva.

M'shedi momwemo ndinapeza mnzanga Dikisoni, wapakamwa koma wa manja abwino. Ndi iye anandiperekeza ku Khonjeni kokafunsira mayi anu. Ndinakwatira chikamwini monga timachitira kuno. Ndinamanga nyumba pamudzi pa mkazi wanga, n'kumalima munda wa kwawo. Mwini mbumba anali mchimwene wa mkazi wanga, a Witinesi. Pa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, ndipo pa nkhani zazikulu, ukwati, matenda, maliro, mawu omaliza ndi a malume. Ndinazidziwa ndikukwatira ndipo sindinatsutse. Kwa zaka zambiri ine ndi alamu angawo sitinakanganepo.

Kulowa m'boma, zaka za m'ma 1980

Kampani itayamba kulongedza tiyi m'matumba a mapepala, akalipentala tinachuluka. Anatiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Sindinapemphe chifundo kwa munthu. Ndinatenga sowo ndi hamala yanga n'kutuluka. Mvula isanathe ndinamva kuti kuchipatala cha boma akufuna kalipentala. Mayeso ake anali chitseko cha wodi ya amayi chimene chinkakhula pansi. Ndinachichotsa, ndinachipala, ndinachibwezera, chinayamba kutsekeka ndi chala chimodzi. Namwino wamkulu anali mayi Gondwe, mzimayi wamtali wochokera kumpoto, wosaseka pa ntchito. Anachitsegula n'kuchitseka kangapo, ndiye anati, "Ndikakulankhulirani ku ofesi. Koma muno si mu fakitale, bambo. Musanamenye hamala muziyang'ana kaye amene wagona pafupi." Ndinalembedwa. Mayi amenewo ndinawamvera mpaka tsiku limene anapuma.

Ntchito inali ya mabedi, mawindo, zitseko ndi madenga. Nthawi zina ankanditumiza kuzipatala zing'onozing'ono za kumidzi, zida ndimange panjinga, ndikakhale kumeneko mpaka denga litasiya kudontha. Chipatala chathu chinali chakale, chomangidwa nthawi imene anthu anali ochepa, koma zaka zoyambirira zinthu zinkabwera. Lole ya boma inkatsitsa matabwa, misomali ndi penti. Kenako penti inasiya kubwera. Kenako matabwa. Pomaliza ndinkawongola misomali yakale pamwala. Ndinaphunzira kuphwasula chinthu chimodzi kuti ndikonze chinzake. Tsiku lina mayi Gondwe ananditengera kuchipinda chosungira mankhwala n'kundiloza mashelefu. Theka lake linalibe kanthu. Anati, "Chotsani awa, mupangire mitengo yopachikapo dripi." Ndinafunsa kuti nanga mankhwala akabwera tidzaika pati. Anati, "Akabwera ndidzawanyamula pamutu." Ndinachotsa. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga m'chipinda chija inali yochotsa basi.

Zaka zoipa, za m'ma 1990

Kenako kunabwera matenda aja. Ena ankati kaliwondewonde, ena ankati matenda a boma, ambiri sankawatchula n'komwe. Lero mumati Edzi osatsitsa mawu. Mawodi anadzaza. Wina pabedi, wina pansi pa bedi, wina pakhonde. Mitengo ya dripi itatha ndinkangokhoma msomali kukhoma. Mipopi inkauma, ndipo magadiyani, ndiye kuti achibale odikirira odwala, ankatunga madzi kutali ndi ndowa. Anamwino ena anapita kunja kukafuna malipiro abwino, ena anagona m'mawodi momwe ankagwiramo ntchito. Otsalawo anthu ankawanena kuti ndi ankhanza. Ine ndinali momwemo tsiku ndi tsiku. Ndinaona mayi Gondwe akuchapa magolovesi n'kuwayanika pachingwe ngati zovala za mwana. Namwino mmodzi pa wodi yonse sangafunse wodwala aliyense dzina. Sizinali nkhanza. Munalibe kanthu m'manja mwawo.

Anthu anazolowera kuthawitsa odwala. Achibale akaona kuti munthu wafooka, ankamunyamula akadali moyo kuti akatsirizikire kumudzi pakati pa abale ake, pakuti kunyamula maliro n'kovuta kuposa kunyamula wodwala. Palibe amene ankawaletsa. Bedi linkafunika. Kunja kwa geti, m'mbali mwa msewu, kunadzaza mashedi a mabokosi a maliro, ndipo shedi yaikulu inali ya Dikisoni. Tsiku lina ndikuweruka anandiitana. "Achimwene, mukuchitanji m'bomamo? Kuwongola misomali? Bwerani kuno tigwirizane. Bokosi ndi bokosi. Kale tinkaikamo tiyi, lero tikuikamo othyola tiyi." Ndinati, "Ine ndinalembedwa kukonza mabedi a amoyo." Iye anati, "Amoyo ake ati?" Koma sindinapite. Mabokosi ndinakhoma ndithu, a anzathu a pa ntchito, Loweruka, osalandira kanthu. Apa ndi pamene diso la a Mukhuna linandiukira. Ndikalowa m'wodi kukakonza windo, diso linkayeza lokha munthu aliyense wogona, kumutu mpaka kumapazi. Ndinayamba kuyenda m'mawodi ndikuyang'ana kudenga.

Chaka chimene Edina anadwala, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Edina ankathyola tiyi pa esiteti ina cha ku Makwasa. Anali wamtali ngati ine, wa mapewa, dengu lodzaza ankakwera nalo chitunda osapuma. Mwamuna wake anamwalira, ndipo pasanapite nthawi iyenso anayamba kutsokomola ndi kuonda. Tinamubweretsa kuchipatala kwathu. Anayamba kugona pansi, kenako bedi linapezeka, ndipo tonse tinkadziwa mmene mabedi ankapezekera. Mayi ake anakhala gadiyani. Ine ndinkalowa m'wodi muja ndikuyang'ana kudenga monga mwa masiku onse, koma tsiku lina ndinaiwala. Ndinamuyang'ana mwana wanga, diso linachita ntchito yake.

Kunyumba ndinali ndi matabwa a m'bawa. Mtengo wake ndinaudula m'munda wa mkazi wanga, ndipo matabwawo ndinawasunga kudenga kuti ndidzapangire tebulo ndikadzapuma pa ntchito. Loweruka lotsatira ndinawatsitsa n'kuwapala mbali zonse. Sindinawadule, pakuti kutalika kwake kunali kale kofanana ndi kumene diso linayeza, ndipo sindinakhome msomali. Ndinawabwezera kudenga ali okonzeka. Manyazi ndilibe nazo. Ndinali kalipentala, ndipo mwana wanga sakanapita m'bokosi la paini logula pamsewu.

Mwezi womwewo mayi Gondwe anandiitana kukachipinda kena kakang'ono. Pansi panali matabwa a paini atsopano, akununkha utomoni, ndi misomali yowongoka ya m'paketi. Ndinali ndisanaione kwa zaka. Anati, "Mashelefu, makoma onse atatu, mpaka kumwamba. Chitseko cholimba ndi loko." Ndinafunsa kuti muikamo chiyani. Anati, "Mankhwala a matendawa. Boma ndi anzake akunja aikapo ndalama. Azilandira ulere." Ndinati, "Mayi, za ulere ndamva zambiri." Anati, "Khomani mashelefu, bambo." Ndinakhoma. Zaka zonsezo ndinali wochotsa mashelefu, tsopano ndinauzidwa kuika. Nditamaliza, lole inabwera ndi makatoni, ndipo ndinathandiza kutsitsa ngakhale sinali ntchito yanga. Katoni imodzi ndinaigwedeza pafupi ndi khutu kuti ndimve ngati muli kanthu. Munali.

Patangopita masiku ochepa, m'mawa, a Witinesi anafika ndi galimoto ya matola imene anabwereka. Anandipeza pakhonde la wodi. Mkazi wanga anali atamanga kale mtolo wa mapoto ndi zofunda. Tinapatsana moni bwinobwino, ndiye alamu anati, "Alamu, tabwera kudzatenga mwana. Tamva mmene alili. Akapumire kwawo." Ndinati, "Mankhwala abwera. Ndawaona ndi maso." Anati, "Mankhwala a matenda a boma? Inu mwakalambira muno. Mwaonapo angati otuluka ndi miyendo yawo?" Ndinati, "Ochepa." Anati, "Ndiye mukufuna afere pakati pa alendo, azigona kumochale ngati alibe abale? Mwanayu ndi wa mbumba yathu. Inu ndinu mkamwini. Ulemu timakupatsani, koma apa si panu." Sankanama, ndipo sanali munthu woipa. Anali ataika kale m'manda adzukulu awo angapo, ndipo ankafuna uyu yekha amve mawu a kwawo pomaliza.

Ndinapempha kuti adikire. Ndinapita kwa mayi Gondwe n'kuwafunsa mosabisa. Anati, "Ayambe wamwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Akapeza mphamvu pang'ono timuyambitsa enawo. Sindikulonjezani kanthu, wafooka kwambiri. Koma mukapita naye ku Khonjeni mwatseka nokha chitseko." Ndinalowa m'wodi n'kukhala m'mbali mwa bedi. Edina mawu ankatuluka movutikira. Anati, "Ababa, mwayeza kale, eti?" Ndinamukokera chofunda pamapewa. Anati, "Ndinakuonani tsiku lija. Mayang'anidwe amenewo ndimawadziwa." Ndinati, "Amalume ako abwera ndi galimoto. Iwe ukufuna chiyani?" Anati, "Ndatopa. Sankhani inuyo."

Ndinatuluka. Sindinakuwe, pakuti munali odwala. Ndinati, "Alamu, mwambo ndikuudziwa ndipo sindinauphwanyepo. Lero ndiuphwanya. Mwanayu sachoka." Anati, "Chifukwa cha mashelefu?" Ndinati, "Inde, chifukwa cha mashelefu." Anati, "Chabwino. Akafera muno, mtembo musabwere nawo kwathu. Manda mukakumbe kwanu ku Mphuka, ndipo inunso mukakhale komweko." Anatembenukira kwa mlongo wawo n'kulankhula m'Chilomwe kuti anyamule katundu. Mkazi wanga sananyamule. Anagwada pansi, anamasula mtolo uja, anatulutsa poto n'kupita kukatunga madzi a phala. M'banja lathu lonse sanatsutsepo mchimwene wake, kupatula tsiku limenelo. Galimoto inabwerera yopanda wodwala.

Musaganize kuti Edina anadzuka mawa lake. Anayamba waipiraipira. Mankhwala a chifuwa ankamusanzitsa, ndipo atayamba enawo thupi linatuluka zidzolo. Kumudzi palibe anabwera kudzazonda. Ine ndikapita ku Khonjeni anthu ankandipatsa moni wa pakamwa pokha. Masiku ena ndinkaima m'nyumba n'kuyang'ana kudenga kuja, ndikuganiza za njira ya ku Mphuka ndi amene angandithandize kukumba. Kenako tsiku lina masana mkazi wanga anandipeza kushedi kwanga akupuma mothamanga. Ndinaika hamala pansi. Anati, "Akufuna kalongonda." Ndinati, "Chiyani?" Anati, "Akuti phala latopetsa, akufuna kalongonda wothira tsabola." Kalongonda, nyemba zathu za Alomwe, amaphikidwa tsiku lonse, kutaya madzi n'kuthiranso, ndipo mayi anu anamuphika pamalo a magadiyani anthu akuwaseka. Edina anadya pang'ono chabe. Koma munthu wopita safuna tsabola. Mvula itayamba anatuluka pageti ndi miyendo yake, n'kudutsa pa shedi ya Dikisoni atagwira dzanja la mayi ake. Dikisoni anavula chipewa.

Chipatala chatsopano, pakati pa zaka za m'ma 2000

Mashelefu aja anali chiyambi chabe. Kenako kunamangidwa nyumba zatsopano, mawodi a mawindo aakulu, thanki ya madzi pamwamba, chipinda choyezera magazi ndi makina ake. Anamwino anawonjezeredwa malipiro ndipo achinyamata ena anabwera kuchokera kusukulu. Mankhwala anafika mpaka kuzipatala zing'onozing'ono zija ndinkakonza madenga, kotero munthu wa ku Khonjeni sankafunikanso kuyenda ulendo wautali. Ndalama zina zinachokera kunja, ndikudziwa, zina ku misonkho yathu. Ine za ndale sindilankhula. Ndikunena zimene ndinaona. Anthu anali omwewo. Namwino yemwe uja ankanenedwa kuti ndi wankhanza ndinamumva akufunsa wodwala dzina, ndi dzina la mwana wake, poti tsopano anali ndi mnzake pa wodi, madzi kumpopi ndi mankhwala m'kabati. Misomali ya dripi ndinaizula ndekha m'makoma akale. Dikisoni anayamba kupanga zitseko ndi mipando. Ankandikuwira ndikamadutsa, "Achimwene, boma lanulo landilanda makasitomala!" Ndinkati, "Kadandaule ku ofesi."

Vuto latsopano linali la amoyo. Obwera kudzalandira mankhwala anachuluka mpaka ankakhala pansi pafumbi, amayi othyola tiyi, alonda, aphunzitsi, onse pamzere umodzi. Ndinauzidwa kupanga mabenchi. Paini amene anandipatsa anatha patatsala malo amodzi, pafupi ndi khomo. Ndikanatha kulemba pempho n'kudikira. M'malo mwake ndinapita kunyumba, ndinatsitsa matabwa aja kudenga, ndinawamanga panjinga. Sindinawadule. Benchi inatuluka ya kutalika komwe kuja diso linayeza. Tsiku lake lolandira mankhwala Edina anaiona, yofiirira pakati pa mabenchi oyera. Za matabwa aja anali atamva kale, ndiye anaisisita ndi dzanja. Anati, "Ababa, awa si matabwa anga?" Ndinati, "Ndi a boma tsopano." Anauza amayi amene anakhalapo kuti asunthe pang'ono, ndiye anagonapo chagada, manja pachifuwa, anthu onse akuyang'ana. Anati, "Kutalika munakhoza. Koma m'mbalimu sindikwanamo, ndanenepa." Amayi aja atamva nkhani yake anaseka mpaka wina anatsamwa. Ine ndinamukalipira kuti adzuke, pagulu sachita zotere. Kenako ndinapita kushedi kwanga n'kutseka chitseko kwa kanthawi.

Lero

Ndinapuma pa ntchito ndili ndi mphamvu zanga. Tebulo sindinapange, timadyera pa lakale. Edina ali ndi imvi tsopano, amasoka zovala pa Makwasa, ndipo mwana amene anabereka pambuyo pake anabadwa wopanda kachilombo. Sindinena kuti zonse zili bwino kuchipatala. Ndikapita kukayezetsa magazi ndimaona loko wothyoka amene palibe akumukonza, ndipo masiku ena amakuuza kuti mankhwala akutiakuti kulibe, kagule. Ndikamva choncho ndimakumbukira mmene zimayambira. Zimayamba ndi penti. Inu amene mukuphunzira, mukadzakhala m'maofesi, muzidzafunsa ngati kalipentala wa chipatala akuika mashelefu kapena akuchotsa. Komabe ndikuthokoza. Ndinaona chipatala chimene anthu ankathawitsako abale awo chikusanduka chimene amathamangirako, ndipo ndinakhomako misomali yanga.

A Witinesi tinakhala osalankhulana nyengo zingapo, ngakhale kumudzi sanandithamangitse. Atakalamba anayamba kudwala shuga, ndipo tsiku lina ndinawapeza kuchipatala atasochera khomo, atakhala pa benchi ija kuti apume. Mabenchi a paini ambiri anali atasinthidwa kale, iyo ili chilili. Ndinakhala pambali pawo. Anagogoda thabwa ndi chala. Anati, "Alamu, m'bawa uwu." Ndinati, "Wa m'munda mwanu." Anati, "Nkhani yake ndinaimva." Kenako anandifunsa ngati chimanga changa chamera, ndipo tinakwera minibasi imodzi pobwerera.

Tsopano mverani. Ndikadzafa, pasadzapezeke wina wanzeru zake wonena kuti tikapemphe benchi ija, bambo apite ndi matabwa awo. Bokosi langa mukagule la paini wamba kwa ana a Dikisoni, ndipo muyeze ndi tepi, pakuti palibe mwa inu amene ali ndi diso. M'bawa uja musaukhudze. Uli pa ntchito.